Ndinayambanitsa Ana Anga Chifukwa cha Foni

Uthenga unandipeza ndikupepeta kapenta pabenchi langa ku Maramba Market, Lachitatu, dzuwa lili paliwombo. Kafoni kanga kakale kanalira m'chitenje. Nditakatulutsa ndinaona chithunzi cha Namakau, mkazi wa mwana wanga wamng'ono. Miyezi isanu ndi iwiri palibe wa kunyumba imeneyo amene anandiimbirapo.

"Ba mami," anatero, "ba mulamu bafika kuno ku Lusaka. Bagona pano pathu. Manje bali pa veranda na ba tate ba Chisomo, baseka chabe. Mailo tibwela bonse, mu motoka imozi."

Mawa lomwe, m'galimoto imodzi! Ana anga awiri m'galimoto imodzi!

Lichero linagwa. Kapenta anamwazika. Ndinaimba nthungululu mpaka ogulitsa makala anaimirira. Ndinavina pamatope, ndinavina pakapenta wanga yemwe, ine nkhalamba ya mawondo olira. Aleluya, mpingo wa Mulungu! Lekani ndikuuzeni kumene Yesu ananditola.

Ine ndine Amake Masauso wa ku Dambwa North. Kwathu ndi ku Katete, koma Livingstone ndiye anandikalambitsa. Amuna anga anatsogola kalekale, anandisiyira anyamata awiri. Wamkulu Masauso ali kumigodi ku Kitwe. Wamng'ono Dalitso ali pa ofesi ku Lusaka. Sukulu ine sindinapite nayo patali. Dzina langa ndimalemba, zotsalazo ndimaziwerenga mokwawa.

Ndinali mkazi wa mowa. Ndinali mkazi wa matama. Ikakwana thuu koloko ndinkasiya benchi, ulendo kuseri kwa msika kukamwa masese. Ndikamwa, lilime linkathamanga ngati mbuzi yodula chingwe.

Ndipo tchimo langa lalikulu linali ili. Ana anga ndinkawapikisanitsa.

Masauso akanditumizira bulangete, ndinkaimbira Dalitso: "Mkulu wako wandifunditsa. Iwe ukudikira ndife ndi mphepo?" Dalitso akatumiza firiji, ndinkaimbira Masauso: "Mng'ono wako wakuposa, ulibe manyazi?" Ndinkati ndi nzeru zimenezo. Ndinkati mwana ali ngati ng'ombe ya pagoli, imakoka ikaona inzake yatsogola. Katundu ankadzaza m'nyumba mwanga, chikondi chikutha pakati pa ana anga. Ine osaona. Ndinkangoona firiji.

Tsiku lina mnzanga wa benchi loyandikana, Amake Mutinta wa matimati, anabwera ndi foni yaikulu yonyezimira, mphatso ya mwana wake. Azimayi anamuunjirira. Aliyense afuna amujambule. Ndinati mumtima, iwe uli ndi imodzi, ine ndidzabwera ndi ziwiri, ina dzanja ili, ina dzanja ili.

Pajatu ana anga anali kale ndi mkangano wa mafoni. Masauso amagwira ya kampani ina, yopinda pakati ngati buku la nyimbo, ukaitsegula imakula ngati kagalasi ka pakhoma. Dalitso amagwira ya kampani ina, ya maso atatu kumsana, yoti ikajambula nkhuku umawerenga nthenga. Makampani awiriwa amaonana ngati akazi a pamitala, ndipo ogula nawo amatengera nsanjeyo. Anyamata anga akakumana, nkhani inali yomweyo. Yanga imasunga moto, yako imafa masana. Yanga imajambula bwino, yako ndi chidole. Kale ankakangana akuseka. Ine ndinaona mng'alu, ndinalowetsapo chala.

Poti kulemba kumandivuta, ine ndimatumiza mavoisi. Ndimatsindika, ndilankhule, ndisiye, mawu apite. Ndipo munthu ndimamudziwa ndi chithunzi, osati dzina. Masauso anali wa chipewa cha kumgodi. Dalitso anaika chithunzi cha kamwana kake Chisomo, kovala diresi lachikasu.

Ndinayamba ndi Masauso, ndili ndi makapu atatu m'mutu. "Mwana wanga woyamba, ine ndifuna yopindayo, yonga yako. Mng'ono wako usamuwerengere. Si mwamunanso uja, anamuika m'botolo mkazi wake wa Chiloziyo."

Kenako ndinafuna diresi lachikasu. Ndinalipeza. Ndinatsindika. "Dalitso, mwana wanga weniweni ndiwe. Ndifuna ya maso atatu. Mkulu wako ndi wouma manja, ndangomunamiza kuti ndifuna yake ndione ngati angatulutse kanthu. Ndi atate ako omwe ankanena kuti yemwe uja sadzaphula kanthu."

Linali bodza. Malemu sananenepo zimenezo. Ndinanamizira munthu ali m'manda chifukwa cha foni.

Abale anga, sindinadziwe kuti tsiku limenelo Chisomo ankakumbukira kubadwa kwake. Wina anatenga chithunzi chomwecho, diresi lachikasu lomwelo, nkuchiika pa gulu la banja lonse la pafoni. Voisi yanga siinapite kwa Dalitso yekha. Inapita kwa onse. A ku Katete anaimva. A ku Chipata anaimva. Azakhali anaimva. Masauso anaimva.

Sanatukwane mwana wanga. Anangotenga voisi imene ndinamutumizira iye, ya botolo ija, nkuiponya pa gulu pomwepo. Namakau anaimva. Dalitso anaimva. Mawu anga awiri anaima moyang'anana ngati mboni ziwiri pabwalo, ine pakati, wopanda chitenje.

Masauso anatuluka pagulu. Dalitso anatuluka pagulu. Aliyense ankati mnzake ndiye wakhala akumunena kwa amayi zaka zonsezi. Ndikaimba, osayankha. Ndikaimbanso, osayankha. Pa maliro a amalume awo ku Katete, ndinamva kuti wina anakhala kum'mawa kwa manda, wina kumadzulo, osapatsana ndi moni yemwe. Ine kumaliroko sindinapite. Manyazi.

Mukuganiza kuti ndinalapa? Ayi. Ndinawonjezera mowa. Ndinkati wolakwa ndi amene anasintha chithunzi. Ndinkati ana a masiku ano alibe ulemu. Firiji inkangolira m'nyumba, bulangete lili pabedi, ine wopanda mwana wondifunsa ngati ndadzuka.

Mpaka tsiku limene ndinagwa. Ndinkanyamula thumba la kapenta, maso anada, nthaka inabwera kumaso. Ndinatsitsimukira kukiliniki. Anamwino anati magazi akuthamanga kwambiri, mukapitiriza mowa mudzafa ziwalo. Anandifunsa, tiimbire ndani? Ndinatsegula pakamwa, dzina osatuluka. Mayi wa ana awiri, wopanda womuimbira.

Amene anabwera ndi Amai Tembo, awa akhala kutsogolo awa. Ankagula kapenta kwa ine, ndipo ine ndinkawaseka akapotoloka, ati oyera a bulauzi yoyera. Anabwera ndi phala m'kabakuli. Anandimwetsa ndi supuni ngati khanda. Ndinawadandaulira za chithunzi chija.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Ndiye anati, "Amake Masauso, chithunzi sichinalankhule. Analankhula ndi inu. Ikanapita kwa Dalitso yekha voisi ija, bodza likanakhala loona?"

Mawu amenewo anandilasa. Ndinalira ngati mwana wotayika mumsika. Ndinati, "Nanga Mulungu angalandire mayi wodya ana ake ndi pakamwa?"

Iwo anati, "Anafera otere. Tiyeni tigwade."

Pa simenti ya kukiliniki, botolo la madzi lili pamkono, ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Ndinamupatsa mowa. Ndinamupatsa matama. Ndinamupatsa lilime ili, ndinati Ambuye, lisambitseni kapena lizuleni. Ndipo anandipeputsa! Anandipeputsa ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni! Kuchokera tsiku limenelo masese amandinunkha, ndikadutsa kuseri kwa msika ndimagwira mphuno.

Koma ana anali asanabwerere. Kwathu mayi sapepesa mwana, mwana ndiye amabwera ndi nkhuku. Kupepesa mpongozi ndiye kosamveka nkomwe. Ndinalimbana nazo masabata awiri. Mzimu sunandisiye.

Ndinaitana Amai Tembo kunyumba. Ndinati, kale ndinali ndi mawu awiri, lero ndikhala ndi amodzi. Ndijambula voisi imodzi, inu muitumize kwa atatu, muwerenge maina bwinobwino. Ndinagwada ngakhale sankandiona.

"Masauso, Dalitso, ndi inu apongozi anga a Namakau, ndine mayi wanu, ndagwada. Palibe wa inu amene ananenapo mnzake kwa ine. Zonse ndinkapeka ndine. Masauso, atate ako sananyozepo dzina lako, ankakunyadira mpaka tsiku lomaliza. A Namakau, mwasunga bwino mwana wanga, ine ndinakulipirani mwano. Foni sindikuifunanso. Ine mundisiye ngati mufuna, koma inu awiri musasiyane. Munayamwa bere limodzi."

Inapita. Amai Tembo anati timizere ta pafoni taonetsa kuti onse amva. Yankho kunalibe. Sabata, zii. Mwezi, zii. Satana ankandinong'oneza kuti wadzichotsa ulemu pachabe, pita ukamwe. Ine ndinkangoimba. Ndinkaimba popepeta, ndinkaimba pa minibasi ya ku Dambwa, kondakitala mpaka anandizolowera.

Sindinadziwe kuti Mulungu akugwira ntchito kudzera mwa munthu amene ndinamunyoza koposa. Namakau ndiye anaimbira mlamu wake ku Kitwe. Anaimba kamodzi, Masauso anakana. Anaimba kawiri, anakana. Sanatope mwana wa eni ake, mpaka Masauso anakwera basi.

Lachinayi madzulo galimoto inaima pakhomo. Anatuluka Masauso. Anatuluka Dalitso. Anatuluka Namakau ndi Chisomo kumsana. Ndinafuna kugwada pafumbi, anandigwira wina mkono uwu, wina mkono uwu. "Amama, zatha," anatero Masauso. "Imirirani, anthu akuona."

M'mawa mwake anati tiyeni m'tauni. Ndinakana. Ndinati foni ndiyo inandipasulira banja. Dalitso anati, "Amama, kafoni kanu kamazima pakati pa nkhani. Tifuna tizikuonani nkhope Lamulungu lililonse. Tagwirizana, tigula imodzi tonse awiri. Koma musankha ndinu."

Ndinadziwa kuti yeso lafika. Ndikatenga yopinda, ndakana Dalitso. Ndikatenga ya maso atatu, ndakana Masauso. Bala linali lisanapole. Ndinapemphera njira yonse.

M'sitolo mtsikana wogulitsa anaziyala zonse ziwiri pagalasi. Zokongola, abale, ngati zotsika kumwamba! Anayamba ndi yopinda. "Ba mbuya, iyi imaseguka na chala. Fakani chala apa."

Ndinaika chala chachikulu. Yakana.

"Pukutani, muyesenso."

Ndinapukuta pachitenje. Yakana. Chala china, yakana. Dzanja lina, yakana. Mtsikana anayang'ana zala zanga nati, "Ah, ba mbuya, mizele yanasila. Munali kusebenza chani?"

Mizere ya m'zala inafufutika ndi ntchito: mchere wa kapenta, minga ya nsomba, zaka makumi atatu. Zala zanga ndi zosalala ngati mwala wa mumtsinje. Masauso anatenga dzanja langa, analitembenuza, analiyang'ana nthawi yaitali.

Mtsikana anatenga ya maso atatu. Anati iyi imadziwa nkhope. Anandiuza ndizungulitse mutu ngati ndikuvina. Atatseka nkundipatsa, ndinangoiyang'ana, yatseguka! Yandidziwa ndi duku lomwe, ndi mano anga awiri osowa!

Ndipo mverani chodabwitsa. Masauso, amene ankati foni imeneyo imafa masana, anati, "Amama, tengani ya mng'ono wanga."

Dalitso anati, "Iyayi akulu, yanu ili ndi galasi lalikulu, amama maso akuvuta. Tiikapo manambala."

"Manambala adzaiwala. Iwe mwaiche, mwana wa dzulo, khala chete."

"Yanu imasunga moto, munkanena nokha!"

"Ndinkanena kuti ndikupsetse mtima!"

Akukangana, koma aliyense akukankhira ulemu kwa mnzake! Mtsikana anaseka mpaka kugwira patebulo. "Ba boss, pano bantu bamalimbana kuti yanga, yanga. Imwe mulimbana kuti yako, yako?"

Onse anatembenukira kwa ine. Lilime lakale linayabwa, linafuna kuuza uyu zokoma, uyunso zokoma. Ndinalimeza. Ndinanena mawu amodzi, onse akumva.

"Yopindayi ndiyokongola, ndipo matama anga akale akuifuna. Koma siindidziwa. Nditenga ya maso atatu. Ndasankha foni, sindinasankhe mwana."

Ndinayang'ana Masauso. Anaseka! Anaseka ngati atate ake! Anapita yekha kukasankha chikwama chake, chofiira, ati kuti isasowe mu kapenta. Maina anandiikira akuluakulu, ndipo chithunzi cha gulu tinaika cha anyamata awiri atagwirana mapewa.

Aleluya! Amene anatseka pakamwa pa mowa ndi Yesu. Amene anawongola lilime ndi Yesu. Amene anakweza ana anga m'galimoto imodzi ndi Yesu yemweyo!

Amayi anzanga, alipo pano amene ali ndi mawu awiri, ena a mwana uyu, ena a mwana uyo? Alipo amene amayeza ana ndi katundu? Musadikire kugwa pamsika ngati ine. Musadikire manyazi a banja lonse. Bwerani lero, malo alipo pano pamene ndaima. Kugwada sikupha, ine ndagwada ndipo ndili moyo, ndikuvina.

Loweruka tinapha nkhuku zinayi, tinafulula munkoyo wosalezeretsa, ndipo bwalo langa ku Dambwa North linachepa. Anabwera kudzakondwera nane Masauso ndi mkazi wake Amake Taonga, amene anakwera basi ya ku Kitwe atangomva. Dalitso, Namakau ndi Chisomo. Amayi ake a Namakau, ba Inonge, ndi Mwangala, mng'ono wake wa Namakau. Amai Tembo ndi Abambo Tembo. Abusa ndi amayi abusa. Amake Mutinta wa matimati, ndi Mutinta yemwe. Azakhali a Tisauke a ku Katete, ndodo m'manja. Ba Sitali a makala. Amake Luyando a salaula, zovala za kaunjika zija. Amake Bupe oyandikana nawo mpanda. Amai Zulu, Amai Sakala, Amai Mwale a kwaya, ndi ba Choolwe a ng'oma.