Dzina Limene Linatuluka pa Foni ya Ejenti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse amene mukuwerenga. Lero ndiulule zimene ndinabisa miyezi isanu. Ntchito inandithera, ndipo ndalama zimene anandipatsa potsanzikana ndinatsala pang'ono kuzitaya zonse pa foni.

Ndinkagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata. Atatichotsa sindinauze munthu, ngakhale akazi anga amene ali kumudzi ku Nsanje ndi ana. Manyazi, abale! M'mawa uliwonse ndinkasita malaya, kutseka kachipinda kanga ku Soche, n'kukwera minibasi ngati wopita kuntchito. Ndikafika m'tauni ndinkangokhala pa benchi ndekha, maso pa foni, mpaka dzuwa kupendeka.

Pa fonipo ndinkachita malonda aja ogula ndalama zakunja n'kuzigulitsa tsiku lomwelo. Kuti ulowe pamsikawo umadzera ku kampani imene amati buloka, ndipo ine ndinasankha mopusa. Safunsa anadya phula. Sindinafufuze ngati kampaniyo ili ndi chiphaso. Ndinangokopeka ndi bonasi, komanso ndi bambo wina wa mawu okoma amene ankati ndi manejala wanga. Ankandiimbira m'mawa uliwonse kuti, "Bwana, mwadzuka bwanji?" Kunena zoona, ndi munthu yekhayo amene ankandifunsa mmene ndadzukira.

Ndikadina kuti ndigule, zinkalowa pompopompo. Koma ndikadina kuti ndigulitse mtengo uli bwino, kachizindikiro kankangozungulira mpaka mtengo utagwa. Ndikadandaula, ankati vuto ndi netiweki yakwathu kuno. Nditapempha kutapako ndalama zanga, manejala uja anati akaunti yatsekedwa, ndiikemo zina kuti itseguke. Theka la ndalama zanga linali kale mmenemo. Theka lotsalalo ndilo likanasunga ana anga pasukulu.

Masana a tsikulo ndinalowa m'tchalitchi mopanda anthu n'kugwada. Ndinalibe mawu ambiri. Ndinati, Ambuye, ndilibe womufunsa. Ngati ndikupita kuphompho, ikani munthu panjira. Koma onani kuuma mutu kwanga: nditanena ameni, ndinakwera minibasi ya ku Limbe kuti ndikatumize zotsalazo.

Pafupi ndi depoti ndinapeza ejenti wa ndalama za pafoni, mayi wachisilamu wofunda mpango, amene sindinkawadziwa. Paja ejenti asanatumize amayamba wawerenga mokweza dzina la wolandira. Mayiwo anawerenga, n'kundiyang'ana.

"Achimwene, mwati mukulipira kampani. Nanga bwanji likutuluka dzina la munthu wamba?"

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti angotumiza, ndalama ndi zanga.

"Ndi zanudi," anatero mayiwo. "Koma ine mpunga wa munthu wachilendo ndimayamba ndagula kambale kamodzi. Awuzeni akampaniwo akubwezereni kaye pang'ono, ya minibasi yokha. Ikalowa, nditumiza zonsezi."

Ndinaimbira manejala pomwepo kuti ndiwachititse manyazi mayiwo. Manejala uja atamva pempho langa, zonditchula bwana zija zinatha. Anandikalipira n'kudula foni. Nditaimbanso, nambala sinkapezeka. Ndinaima pakati pa chipwirikiti cha Limbe, misozi ili chuchuchu, bambo wamkulu ine. Mayi aja sanandiseke. Anandikankhira kampando kawo, n'kundibwezera ndalama zanga m'manja.

Theka loyamba lija silinabwere, sindinama. Koma ana anga sanasiye sukulu. Inu amene mukufuna buloka, funsani chiphaso chake, yambani ndi kambale, yesani kutapa musanawonjezere, ndipo muone ngati amayankha pamene mukudandaula, osati pamene mukuika ndalama pokha.

Madzulo ake ndinaimbira akazi anga n'kuwauza zonse. Nditamaliza anati, "Ndiye miyezi yonseyi mumalira nokha, ine ndili moyo?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi wa chipembedzo china, amene ngakhale dzina lawo sindinafunse. Iwe amene ukuvutika mwakachetechete, usataye mtima, ndipo usabisale ngati ine.

Ntchito ndikufunabe. Koma m'mawa wotsatira, pa nthawi yomwe ija ankaimbira manejala, foni inalira. Ndinaganiza kuti ndi iye. Nditayankha, anali mawu a ku Nsanje: "Bambo a Chisomo, mwadzuka bwanji?" Mpaka lero sanaphonyepo tsiku.