Hamala Yanga ndi Sitima ya Luntha

Olemekezeka wapampando wa bungwe la Amalawi a kuno ku Thamesmead, Mayi Edna Kalua. Abusa Maurice Gondwe, amene mwatibwereka holo ino. Aphunzitsi ochokera ku yunivesite ya Greenwich. Anamwino athu amene mwatsika basi muli ndi yunifolomu. Ophunzira amene mwakonza chionetserochi. Amayi ndi abambo.

Mwaitana munthu wa magudumu kuti adzatsegulire sitima yopanda magudumu. Ndaona kuti ndinu olimba mtima.

Zaka makumi atatu ndinagwira ntchito ya njanji kwathu. Sitima ikaima pa siteshoni ya Nkaya, ndinkayenda ngolo ndi ngolo, kumenya gudumu lililonse ndi hamala kuti ndimve ngati lasweka, ndi kukhudza bokosi la girizi la pa gudumu ndi kuseri kwa dzanja kuti ndimve ngati latentha. Tsiku lina mu 1974 kunagwa mvula, ine n'kudumpha ngolo ziwiri zakumapeto. Girizi anali atauma. Chitsulo chinakhulana ndi chitsulo, bokosi linafuka utsi, ndipo sitima ya feteleza inaima m'tchire tsiku lathunthu, alimi akudikira. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero.

Ndiye mdzukulu wanga Luntha, amene wakhala apoyu, atandiuza kuti akuphunzira za sitima yoyandama pa maginito, yosakhudza njanji, ndinamuseka. Ndinati, "Amayi ako akugwira ntchito mashifiti awiri kuti iwe uziphunzira matsenga?" Anandiyankha m'Chingerezi, monga achitira ana a kuno, koma misozi yake ndinaimva m'Chichewa. Zaka ziwiri wakhala akundiitana kuti ndikaone ntchito yake, ine n'kumanamizira bondo. Zoona zake ndinkaopa kuti zaka zanga zonse zija zisanduka zopanda pake pamaso pa mwanayu.

Lero m'mawa wandigwira dzanja n'kundiimika pa tebulo ilo, pamene pali kasitima kake koyeserera. Anati, "Agogo, lowetsani pepala pansi pake." Ndalowetsa. Pepala ladutsa pakati pa kasitimako ndi njanji osakodwa paliponse. Ndakhudza ndi kuseri kwa dzanja, poti chizolowezi sichitha, ndipo ndapeza pozizira. Kenako wandionetsa tsamba loyamba la lipoti lake. Walembapo nkhani ya ngolo ziwiri za pa Nkaya, imene ndinamuuza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine n'kumayesa kuti sakumva.

Musaseke, Abusa, maso a nkhalamba amangotuluka madzi okha.

Luntha, bwera kuno, mayi injiniya. Ndinakulakwira, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Hamala iyi ndinabwera nayo m'sutikesi kuchokera ku Balaka. Pa sitima yako ilibe chomenya, ndikudziwa. Uyiike pa desiki pako, izikukumbutsa kuti ngolo yakumapeto sadumpha, ngakhale kugwe mvula yotani.

Tsopano, ndi chilolezo chanu a wapampando, ndikulengeza kuti chionetsero cha ophunzira athu cha chaka chino cha 2006 chatsegulidwa. Luntha, yatsa magetsi, agogo ako aone.

Zikomo kwambiri nonse.