Salome Anafulatira Nyanja

— Halo? Salome? Iwe mwana, bwanji sukuyankha foni?

— Halo, agogo. Si Salome. Ndine Valdemar, mphunzitsi wake kusukulu ya zawailesi.

— Ooh, aphunzitsi! Pepani, ine ndimangodina pamene pali chithunzi chake, zilembo sindizidziwa. Ndine Ermelinda, agogo ake. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya inu agogo?

— Miyendo yokhayi. Kunyumba ali bwanji? Ana?

— Onse ali bwino. Agogo, muli ndi munthu pamenepo?

— Ndili ndekha ndi wailesi yanga. Anati mawu ake amveka koyamba lero masana. Ndakhala pano mpaka supu wazizira, koma angoika nyimbo. Mwamuchotsa? Walakwitsa?

— Ayi, sanalakwitse. Ndi mwana wakhama...

— Wakhama koma wosamva! M'mawa ndamuuza kuti mphepo iyi si yopitira kumiyala ya ku Peniche. Akuti aphunzitsi atituma tikajambule mkokomo wa mafunde. Mafunde n'kujambula? Ndati chabwino, koma nyanja usaifulatire. Agogo ake aamuna anawedzamo zaka makumi anayi, inawatengabe. Iye kuseka, ati, "Agogo, inu mumaopa ndi ketulo yomwe." Halo? Mukundimva? Netiweki ya kunoyi...

— Ndikukumvani.

— Ndiye akavala zomvera mawu za m'makutu zija, munthu umuitane, sakumva. Muzimuuza azisiya khutu limodzi. Tampatseni foni, mayunitsi andithera.

— Agogo, foni ophunzira timawauza asiye m'chikwama, imasokoneza makina ojambulira. N'chifukwa chake ili ndi ine.

— Nanga mwini wake?

— Khalani pansi kaye.

— Ndakhala kale. Nenani.

— Mphepo ikamawomba pa maikolofoni, mawu amawonongeka. Ndiye timawaphunzitsa kuti... kuti aziitchinga ndi thupi. Msana kumphepo.

— Mphepo ya lero ikuchokera kunyanja.

— Eya.

— Ndiye anafulatira.

— Anachita momwe ndinamuphunzitsira, agogo. Anzake anakuwa, ine ndinakuwa. Ndi zam'makutu zija sanamve kanthu. Funde limodzi lokha linamukokolola.

— Mayo ine... Ali kuchipatala?

— Maboti akumufunabe. Papita maola atatu.

— Maola atatu, m'madzi ozizira a mwezi uno? Bambo, ine ndine mkazi wa msodzi, musandinyengerere ngati mwana.

— Sindikukunyengererani. Ndimafuna anthu afike kaye kwanuko, musamvere pafoni. Ali m'njira.

— Jekete yofiira ija anavala? Ndinamukakamiza.

— Anavala.

— Chimenecho chokha ndiye anandimvera. Auzeni a mabotiwo ayang'ane chofiira, cha kumwera. Madzi a pamenepo amakokera kumwera. Amuna anga anawapeza komweko.

— Ndiwauza pompano. Agogo, ine... mundikhululukire.

— Zimenezo tidzakamba. Nanga mawu aja amati amveka masana?

— Tinajambula dzulo. Zitachitika izi, tinawaimitsa.

— Aikeni.

— Agogo, mwina si nthawi yake...

— Ndati aikeni, bambo! Ndinamulonjeza kuti ndimvera. Mapepala amene abwere nawo anthu anuwo ine sinditha kuwerenga. Mdzukulu wanga ndimamudziwa ndi mawu.

— Chabwino. Zikangotha nkhani za folo koloko.

— Ndikweza wailesi. Dikirani, wina akugogoda... Afika. Inunso chokanipo pamiyalapo, mwamva? Anzakewo muwachotse onse, ndipo pochoka musafula... Halo? Aphunzitsi? Halo?