Diso limene ankati ndi la maliro

Abusa, akulu anzanga, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo amene mwakhala kumbuyoko mumve bwino, poti zina zinachokera komweko.

Mukudziwa kuti munga wa msangu unandiboola diso lakumanzere ndikulambula kumunda ku Bwanje. Linaola, madokotala mumzinda analichotsa. M'malo mwake anaikamo kampira koyera ka dothi lowotcha, kodzaza timabowo. Anati mnofu wanga ndi timitsempha tidzamerera m'timabowomo. Pamwamba pake anavundikira kachigoba kojambulidwa ngati diso.

Abale, disolo linayamba kuyenda. Ndikayang'ana uku, nalo uku. Mpamene mphekesera inabuka pa Mtakataka yoti andiika diso la maliro. Ine, mkulu wa mpingo! Mapepala akuchipatala ndinali nawo onse, koma palibe anapempha kuwaona.

Tsono chimene sindinauze munthu mumpingo muno ndi ichi: mbali yakufayo ndinkaona zinthu. Masana dzuwa likuswa mtengo, mayi wovala zoyera ataima mumpunga, osagwedezeka. Ndikatembenuka, palibe. Tsiku lina ndinamulonjera. Akazi anga, Nambewe, anali pambali panga.

"Mukulankhula ndi yani, bambo?"

Anamanga katundu, ulendo kwao ku Golomoti. Anati sangagone nyumba imodzi ndi anthu awiri, wina wamoyo wina wakufa.

Ndinabwerera kwa dokotala ndili ndi ukali, n'kumuuza zomwe ndinkaona. "Chotsani chinthu chanuchi!" Iye anati, "Agogo, chalumikizana kale ndi thupi lanu. Zomwe mukuonazo ndi ubongo ukufunafuna diso lake, zimachitikira ambiri."

Ndinapemphera, kenaka ndinakwera minibasi ya ku Golomoti. Pakhonde pa alamu anga, anthu ali bii, ndinatulutsa kachigoba kaja ndi chala. Ana anathawa. Alamu anati, "Mayo, alamu, bwezeranimo!"

Nambewe sanathawe. Anasendera, nasuzumira m'disomo nthawi yaitali. Munalibe maliro, abale. Munali mnofu wofiira, wofunda, ukusuntha ndikayang'ana.

"Uyu ndi mnofu wanu womwe," anatero. Anatsuka kachigobako m'kapu, nandibwezera ndi dzanja lawo.

Mayi wa mumpunga uja amabwerabe nthawi zina. Sindimulonjeranso. Koma Nambewe ndi awo, pabenchi ya amayi. Zikomo Yesu! Imirirani tikondwere limodzi, ndi inu akumbuyo omwe. Ndikukuonani.