Mapiko a pa Jekete la a Haugen Aakulu

Malemu Bambo Wendell Haugen, amene atisonkhanitsa muno lero, anabadwa pa 9 Febuluwale 1948 konkuno ku Weyburn, m'banja la Bambo Arne ndi Mayi Thora Haugen. Anali mzime pa ana awiri, ndipo khalidwe la umzime silinawachoke mpaka imvi. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Denis Pelletier, mlamu wawo. A banja anasankha ine chifukwa ndi ine amene ndinakangana nawo kwambiri, ndiye akuti ndikuwadziwa bwino.

Sukulu anayamba mu 1954. Masamu ankawazunguza mutu, koma kope lililonse linkadzaza ndi zithunzi za ndege. Gwero lake linali jekete labuluu la bambo awo, la asilikali a ndege a pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, lokhala ndi mapiko osokedwa pachifuwa, chizindikiro chimene ankavala oyendetsa ndege okha. Bambo Arne anamwalira mu 1961 osanenapo zambiri za kunkhondo, jekete n'kutsalira malemu ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kuyambira pamenepo, ulemu wawo wonse unatsamira pa nkhani imodzi: kuti iwo anali mwana wa woyendetsa ndege. Aliyense amene anakhalapo nawo mphindi zisanu anauzidwa zimenezi.

Mu 1966, atamaliza sekondale, anakayesa kulowa usilikali wa ndege koma anabwezedwa chifukwa cha maso. Mwina Mulungu anatichitira chifundo tonse pamenepo. Ndege anakwerapo kamodzi kokha, mu 1979 popita ku Winnipeg, ndipo pobwerera anakwera basi.

Chaka chotsatira analembedwa ntchito yoyesa tirigu pa nkhokwe ya alimi, ndipo anaigwira zaka makumi anayi ndi chimodzi. Alimi amene muli muno mukukumbukira. Akati tirigu wanu ndi wa giredi yachiwiri, anali wa giredi yachiwiri basi, kaya mumaimba nawo kwaya imodzi.

Pa 17 Juni 1972 anamanga ukwati woyera ndi mchemwali wanga Lorraine. Iye ankayesa kuti akulowa m'banja la anthu awiri, osadziwa kuti akulowa mitala ndi majekete. Malemu ankayenda m'misika ya zinthu zakale ndi m'nyumba za amasiye kufunafuna yunifolomu za asilikali a ndege, mpaka chipinda chapansi chinadzaza majekete 114, zipewa ndi nsapato osawerengera. Kutchalitchi kuno tinkadziwa kuti a Haugen afika tisanacheuke, chifukwa fungo la mankhwala a njenjete linkayamba ndilo kulowa. Jekete latsopano linkagona milungu iwiri mufiriji kuti mazira a njenjete afe, ndipo nyama inkapatuka. Pa Khirisimasi ya 1988 nkhukundembo inakasungidwa panja m'chipale chofewa kuti jekete lipeze malo. Galu wa a neba anadya bwino chaka chimenecho, ife tinadya mbatata.

Pofika m'ma 1990 dzina lawo linali litamveka kutali. Anthu ankatumiza majekete kuchokera ku Halifax ngakhale ku Texas kuti malemu anene ngati anali enieni a nthawi ya nkhondo kapena opangidwa dzana ndi akathyali. Ankayamba ndi kununkhiza. Kenako ankayang'ana mabatani, zipi ndi kasokedwe ndi galasi lokuzira zinthu. Pomaliza ankazula kaulusi kamodzi n'kukayatsa ndi machesi. Ulusi wakale umapsa n'kusanduka phulusa, koma wa nayiloni, umene unadzaza m'masitolo nkhondo itatha, umasungunuka n'kupanga kambulu kolimba. Akatero ankalemba kalata ya umboni, osapsatira mawu, ngakhale mwini jekete akulira.

Ine ndinalawako mu 1994. Ndinawapititsira jekete la amalume anga, limene banja lathu linkalilemekeza ngati Baibulo. Sanafike n'komwe pa machesi. Anangoti, "Alamu, amalume anuwo anamenya nkhondo ya 1943 atavala zipi ya 1971? Anali munthu wotsogola." Zinandiwawa, sindibisa. Ndinawafunsa kuti, "Nanga la bambo anu lija munaliotchapo ulusi?" Anangoyankha kuti, "Alamu, khofi wanu akuzizira." Sitinayankhulane mpaka tirigu anakololedwa kawiri.

Funso langalo linali lachipongwe, koma linali loona. Munthu amene anayesa majekete a anthu zikwi sanayesepo la bambo ake. Linkakhala m'kabati ya galasi, lokhoma, kiyi ali m'thumba mwawo. Anzawo a ntchitoyi akapempha kuti aligwireko, ankasintha nkhani. Tonse tinkaona kuti akuopa, koma palibe amene anafunsanso.

Mu Ogasiti chaka chino anapezeka ndi matenda a m'mapapo. Anagonekedwa m'chipatala milungu isanu, ndipo anamwino akuti tsiku loyamba lomwe anawauza kuti bulangete lawo si la ubweya weniweni. Mu Okutobala madokotala anawabweza kunyumba. M'mawa wa pa 22 Okutobala anapatsa mwana wawo Ingrid kiyi uja, nati, "Mwanawe, katenge jekete la agogo ako, utengenso machesi. Ndanyozetsa makolo a anthu ambiri, sindingapite ndisanayang'ane wanga." Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nsalu inali yeniyeni, mabatani enieni, dzina ndi nambala ya usilikali zolembedwa mkati zenizeni. Atafika pa mapiko anauza Ingrid kuti azule ulusi. Anayatsa okha. Ulusi unasungunuka.

Tsiku limenelo sanadye. Mawa lake anaitanitsa mchemwali wawo, Mayi Solveig, amene akhala kutsogoloku. Mayi Solveig atangoona jekete pabedi ndi machesi pambali anati, "Iwe Wendell, zaka zonsezi ukatswiri wako unali kuti? Mapikowo ndinasoka ndine." Anafotokoza kuti Bambo Arne anali sajeni wa kukhitchini pa bwalo lophunzitsira oyendetsa ndege, ndipo ankaphikira anyamata mazana asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku. Mu 1956 malemu anabwera kuchokera kusukulu akulira, mphuno ikutuluka magazi, chifukwa anzawo ankawaseka kuti bambo awo anamenya nkhondo ndi chipande. Loweruka lake bambowo anapita ku Regina, anagula mapiko m'sitolo ya katundu wotsala wa asilikali, n'kuuza mwana wawo wamkazi kuti asoke ndi kutseka pakamwa. Anatseka zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi zitatu, ndipo amene mukuwadziwa Mayi Solveig mukudziwa kuti chimenechi ndi chozizwitsa.

Malemu anaitanitsa pepala ndi cholembera, nalemba kalata yawo yomaliza ya umboni. Analamula kuti iwerengedwe muno, ndipo anatchula kuti woiwerenga ndikhale ine. Ikuti:

"Jekete ndi lenileni, la 1942. Mwini wake anali Sajeni Arne Haugen, wophika. Ndege sanayendetsepo. Mapiko si a nthawi ya nkhondo. Anasokedwa mu 1956 ndi mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, potumidwa ndi bambo amene sanafune kuti mwana wake azimenyedwa kusukulu. Kasokedwe kake n'koipa kwambiri. Asachotsedwe."

Ndinadikira zaka makumi atatu kuti ndidzawaseke pa nkhani imeneyi. Lero ndalephera.

Bambo Wendell Haugen anatisiya masana a pa 6 Novembala 2024, kunyumba kwawo, ali ndi zaka 76. Asiya mkazi wawo Lorraine, ana awiri, Ingrid ndi Marcel, zidzukulu zisanu, mchemwali wawo Solveig, ndi majekete 114, amene mayi a nyumba akuti anzawo a malemu asayambe kuwafunsa mwambo usanathe. Ena mwayamba kale, takuonani.

A banja akuthokoza madokotala ndi anamwino amene anapirira nawo, abusa ndi a kwaya, amayi amene akonza chakudya cha kuholo, ndi a Kowalchuk amene anachotsa chipale chofewa panjira ya kumanda ndi thirakitala yawo. Nonse amene mwachokera kutali, Mulungu akubwezereni.

Pitani bwino, alamu, mwana wa Arne wophika. Mzimu wanu uuse mumtendere.