Msewu wa Wometa Utseguka Lero

Pa siteji ya basi, bambo wina wa jekete lonyezimira ndi chipewa chachikulu ankacheza ndi mayi amene sankamudziwa n'komwe.

"Mayi, ine ndayenda mayiko asanu ndi awiri, koma sindinaone katswiri wobweza ngongole ngati ine. Ndimabweza ndi miyendo!"

"Miyendo imabweza bwanji ngongole, achimwene?"

"Msewu uliwonse wokhala munthu amene anandikongoza ndinautseka. Basi imadutsa pa golosale, pa telala, pa wometa, ndipo onsewo maso ali pawindo. Ndiye kuntchito ndimapita wapansi, maola awiri, kuzungulira kuseri kwa manda."

"Akazi anu amati chiyani?"

"Amaponya ndalama ya basiyo m'chitini. Chikadzaza timalipira mmodzi, msewu wake n'kutseguka. Wa golosale tinatsegula kale, wa telala mwezi watha, ana mpaka kuvina."

"Nanga lero mukudikiriranji basi?"

"Sindikudikira basi, ndikulimbitsa mtima. Watsala wometa, tsidya ilo. Mwana wanga akukwatiwa Loweruka, ndipo wanenetsa kuti ndi mutu uwu pachithunzi sindiimapo."

"Tavulani chipewacho tione. Mayo ine! Simugona mbalame m'menemo?"

"Miyezi khumi osameta, mayi. Ometa onse ndi pachibale, amauzana."

"Thamangani, anthu asanakuitanireni odula mitengo!"

Bamboyo anawoloka msewu modzitukumula, nafuula asanafike n'pakhomo pomwe:

"Bwana wa lumo! Nayi sikisi sauzande yanu, yonse! Muwerenge mokweza, anthu amve!"