Wisiki wa mumgolo umodzi ndi kachasu wa amayi

"Kodi kwanu chimanga mumangodya basi, kapena mumaphikiranso mowa?" Anandifunsa choncho a Tomu, mzungu wa ku Amereka amene ankagwira ntchito ndi mayi anu, zaka zija tinkakhala ku South B, dera lina la mzinda kudziko la eni kuno, inu musanabadwe, kuno ku Ruaka nyumba zosanjikizana zisanachuluke chonchi.

Linali Lamulungu masana titangochoka kutchalitchi, ndipo a Tomu anabwera kudzadya nafe atanyamula botolo la wisiki wa kwawo wotchedwa bourbon, mphatso ya bambo anu. Ataona kuti ine sindimwa sanandikakamize, anandisendezera tiyi pafupi, kenaka n'kuyamba kufotokoza. Akuti wisiki ameneyu ndi wa chimanga, amamusunga zaka zambiri mumgolo wa matabwa wowauka ndi moto m'kati, ndipo wa m'botolo ilili anachokera mumgolo umodzi wokha, osasakaniza ndi wa migolo ina, n'chifukwa chake nambala ya mgolowo anachita kuilemba ndi dzanja papepala la botolo. Agogo awo ankagwira ntchito yomweyo, ndipo ankawatchula monyadira ngati akunena za abusa.

Tsono imvani, adzukulu anga. Amayi anga ku Ntcheu ankatcheza kachasu, ndipo mpaka tsiku limenelo ngakhale mayi anu sankadziwa. Masiku ano mowa umabwera m'mabotolo owala a m'masitolo, koma kalelo inali ntchito ya manja ndi mphuno. Ankaviika madeya, chimera ndi shuga m'mbiya kwa masiku angapo, kenaka mtsuko pamoto, kukamwa kwake atamata bwinobwino, mpope utadutsa m'madzi ozizira, botolo likudikira madontho kumapeto. Madontho oyambirira ankataya, ati amaononga maso, pomwe anzawo ankagulitsa. Komanso sankasakaniza wa mbiya ya lero ndi wa dzulo. "Ikaipa mbiya imodzi, iipe yokha," ankatero.

Kachasu ameneyo ndiye anandipititsa kusekondale, koma ine kusukuluko ndinkati amayi amagulitsa tomato. Atabwera kudzandiona koyamba, zovala zikununkha utsi ndi madeya, ndinathamanga kukawachingamira kunja kwa geti kuti anzanga asawayandikire. Kuyambira pamenepo amayi ankangoima okha pansi pa mtengo kutali ndi geti, n'kutuma mlonda kuti andiitane, zaka zinayi zonse, ndipo anamwalira ndisanawapepese.

Ndiye funso lija litabwera, bambo anu anaseka. "Kwathu kuli kachasu, bwana, koma ameneyo ngwa zidakwa. Amayiwa ndi a chigwirizano cha kutchalitchi, sangadziwe zimenezo."

Ndikanangomwetulira nkhani ikanathera pomwepo, ulemu wanga uli wonse. Koma a Tomu anali atandipatsa tambula kuti ndingonunkhiza, ndipo pansi pa fungo la matabwa lija ndinamva chimanga chowira, cha kuseri kwa nyumba yathu.

"Wotcheza uyu anataya oyambirira," ndinatero. "Salasa m'mphuno."

A Tomu anatsamira kutsogolo. "Mwadziwa bwanji, mama?"

"Amayi anga ankatcheza. Ine ndinkasintha madzi a mpope."

"Amayi!" anatero mayi anu. "Si paja munkati agogo anali a tomato?"

"Tomato sakanandifikitsa folomu folo, mwanangu."

Bambo anu anayang'ana pansi, makutu atawatentha, koma ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa sanayese kukonza ndi mawu ambiri. Ananyamuka ndi tambula yawo, n'kutsegula chitseko cha kukhonde, ndi kuthira pang'ono padothi monga amachitira akuluakulu kumudzi, wisiki wodula uja. Mayi anu anandigwira dzanja pansi pa tebulo.

Sindikuti muzimwa, ana inu, mowa ndauona ukupasula mabanja kwathu ndi kuno komwe. Ndikungoti wina akakufunsani za amene anakulerani, muyankhe zoona akadali moyo, asamakudikireni pansi pa mtengo.

A Tomu anadikira kuti bambo anu akhale pansi, kenaka anafunsa dzina la amayi anga otcheza aja. Ndinati a Nachisale, ndipo poti sanamvetse bwino, ndinabwereza mokweza.